Frederick Goff ndi Dzanja la Wakufa

Munthu akamwalira, mawu ake otsiriza amalemera koposa mawu onse amene adalankhula ali moyo. Abale amatha kutsutsana naye akadali ndi mpweya, koma akangotsikira kuli chete palibe amene amalimba mtima kusintha zimene adalamula, ngakhale zitaoneka kuti sizikuthandizanso munthu aliyense. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma uli ndi msampha wake, makamaka pamene mawuwo akukhudza chuma chochuluka chimene mwini wake adasiya kuti chithandize ovutika. Zaka zimapita, mavuto a anthu amasintha, koma chikalata cha womwalirayo chimakhala chili chomwecho. Loya wina wa ku America, amene pambuyo pake adadzakhala mkulu wa banki, adathera zaka zake zomaliza akulimbana ndi vuto limeneli, ndipo njira imene adapeza idafalikira m'mizinda yambiri ya pa dziko lapansi. Dzina lawo adali a Frederick Harris Goff.

A Goff adabadwa pa 15 Disembala 1858 ku Blackberry, m'chigawo cha Illinois. Akadali mwana makolo awo adasamukira ku Cleveland, mzinda wa m'chigawo cha Ohio umene uli m'mbali mwa nyanja ya Erie, ndipo kumeneko ndi kumene adakulira, kugwira ntchito ndi kufera. Adatsiriza maphunziro awo pa yunivesite ya Michigan m'chaka cha 1881. Atabwerera kwawo adapeza ntchito m'nyumba yosungiramo mabuku a zamalamulo, ndipo m'mene ankasamala mabukuwo ankawawerenganso, kufikira adaloledwa kugwira ntchito ya uloya. Masiku amenewo imeneyi idali njira yodziwika bwino: mnyamata wosowa ndalama za sukulu ya zamalamulo ankaphunzira yekha pafupi ndi maloya akuluakulu, nakalemba mayeso akadziona kuti wakhwima.

Cleveland imene a Goff adakuliramo idali kukula mofulumira zedi. M'chaka cha 1860 munali anthu 43,417 okha, koma pofika 1910 adali 560,663, ndipo mzindawo udali wachisanu ndi chimodzi pa kukula m'dziko lonse la America. Miyala ya chitsulo inkabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku nyanja ya Superior, malasha ankabwera pa njanji, ndipo ziwirizi zinkakumana m'ng'anjo za ku Cleveland. Kampani ya mafuta ya Standard Oil ya a John D. Rockefeller idabadwiranso komweko mu 1870. Ntchito zimenezi zidakoka alendo ochokera ku Poland, Hungary, Italy, Bohemia ndi maiko ena a ku Ulaya, amene ankakhala mothithikana pafupi ndi utsi wa mafakitale, pamene eni chuma ankamanga nyumba zonga za mafumu mu msewu wa Euclid Avenue. Chuma ndi umphawi zidali kuyang'anizana tsiku ndi tsiku.

A Goff adali loya wa mbali ya eni chumawo, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Ofesi yawo inkagwira milandu ya makampani akuluakulu, kuphatikizapo ya a Rockefeller. Koma adali munthu wosagwedezeka pa zimene wakhulupirira. M'chaka cha 1903 adasankhidwa kukhala meya wa Glenville, tauni yaing'ono imene idadzalowa mu Cleveland mu 1905. Kumeneko kudali bwalo lotchuka la mipikisano ya akavalo, ndipo pambali pa mipikisanoyo juga inkachitika poyera ngakhale lamulo linkaletsa. Okonda bwaloli ambiri adali anthu olemera a msinkhu wawo ndi anzawo a m'mapwando, komabe meya watsopanoyo adalamula kuti lamulo ligwire ntchito. Patapita zaka zochepa mipikisanoyo idasamukira kwina.

Chimene chidawatchukitsa kwambiri ndi mkangano wa sitima za magetsi zoyenda m'misewu ya mzindawo. Meya wa Cleveland wa nthawi imeneyo, a Tom L. Johnson, adalimbana kwa zaka zambiri ndi kampani yoyendetsa sitimazo pofuna kuti mtengo wokwerera utsike kufika pa masenti atatu. Chakumapeto kwa 1907 kampaniyo idasankha a Goff kuti aiyimire, ndipo amuna awiriwa adakambirana miyezi ingapo pamaso pa anthu ndi atolankhani, kuwerengera mtengo wa njanji, ngolo ndi zipangizo zonse, mpaka adagwirizana mu Epulo 1908. Mgwirizanowo sudakhalitse. Antchito adanyanyala ntchito, anthu adaukana pa chisankho, ndipo mtendere weniweni udadza mu 1910 mwa njira imene adakonza woweruza milandu, a Robert Tayler. Komabe anthu a mu Cleveland adali ataona loya wa kampani amene sankaopa kukambirana nkhani za ndalama pabwalo.

M'chaka chomwecho cha 1908 adasiya uloya nakhala pulezidenti wa banki ya Cleveland Trust Company. Adakhwimitsa kayendetsedwe kake, nalamula kuti mabuku a ndalama aziunikidwa tsiku lililonse, ndipo nthambi za bankiyo zidachuluka m'madera a anthu wamba. Tsono gawo lina la ntchito ya banki ya mtundu umenewu lidali kusunga chuma cha anthu omwalira ndi kuchigawa monga momwe adalembera m'mawilo awo. Apa ndi pamene a Goff, amene adali atalemberapo kale anthu ambiri mawilo, adayamba kuvutika mumtima.

Adali atawerenga buku la loya wa ku England, a Arthur Hobhouse, lotchedwa The Dead Hand, limene lidatuluka mu 1880. A Hobhouse adagwirapo ntchito yoyang'anira mphatso zakale za chifundo m'dziko lawo, ndipo adaona mmene dzanja la munthu wakufa limagwirira chuma mwamphamvu kotero kuti amoyo sangathe kuchimasula. Ku America komweko zitsanzo zidalipo. A Benjamin Franklin, amene adamwalira mu 1790, adasiyira mizinda ya Boston ndi Philadelphia mapaundi 1,000 uliwonse, kuti azikongoza anyamata okwatira amene atsiriza kuphunzira ntchito zamanja pansi pa mmisiri. Ganizolo lidali lanzeru pa nthawi yake, koma mafakitale atafika mwambo wophunzira ntchito motero udazilala, ndipo oyenera kukongola ndalamazo adayamba kusowa. A Bryan Mullanphy, amene adakhalapo meya wa St. Louis namwalira mu 1851, adasiya gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chawo kuti lithandize apaulendo osauka odutsa mumzindawo popita kukakhala kumadzulo kwa dzikolo. Njanji zitamangidwa ndipo kumadzuloko kutadzaza anthu, apaulendo otere adachepa. Ndalama zidapitirira kuswana, milandu yolimbirana ndalamazo idachuluka, pamene osauka ena a mumzinda womwewo ankagona ndi njala. Zoona, makhoti adali ndi mphamvu yosintha cholinga cha wilo yotere, koma njira yake idali yaitali ndi yodya ndalama zambiri.

Panali chinthu chinanso. Zaka zimenezo ndi zimene anthu olemera kopambana ankakhazikitsa mabungwe awoawo a chifundo: Russell Sage Foundation mu 1907, Carnegie Corporation mu 1911, Rockefeller Foundation mu 1913. Mabungwe amenewa ankayang'ana dziko lonse, mwinanso maiko akutali, ndipo ankayendetsedwa ndi anthu amene mwini chuma adawasankha yekha. Nanga wamalonda wa chuma chapakatikati, kapena mayi wamasiye wopanda mwana, amene akufuna kusiyira mzinda wake kangachepe, akadapita kuti? Ndalama zake sizikadakwanira kulipira ofesi ndi alembi, ndipo akadazimangirira ku cholinga chimodzi, tsiku lina zikadagwidwa ndi dzanja lija.

Yankho la a Goff lidavomerezedwa ndi akuluakulu a banki yawo pa 2 Januwale 1914, tsiku limene Cleveland Foundation idabadwa. Ganizo lake ndi losavuta kulimvetsa. Pakhale thumba limodzi la mzinda wonse, limene munthu aliyense angaikemo mphatso, yaikulu kapena yaing'ono, ali moyo kapena kupyolera mu wilo. Ndalamazo zisadyedwe, koma zisungidwe ndi kuchulukitsidwa, ndipo phindu lake lokha ndilo ligawidwe chaka ndi chaka. Woperekayo ali ndi ufulu wonena chimene akufuna kuti mphatso yake ichite, ndipo mawu ake adzalemekezedwa; koma tsiku limene cholingacho chidzakhala chosafunikanso kapena chosatheka, amoyo adzakhala ndi mphamvu yotembenuzira ndalamazo ku vuto limene lilipo, popanda kuyamba adikira khoti.

Nzeru yaikulu idali pa kulekanitsa ntchito ziwiri zimene kawirikawiri zimaononga mabungwe zikakhala m'manja amodzi. Wosunga ndalama asakhale wogawa. Banki idapatsidwa ntchito yosunga ndi kuchulukitsa, poti ndiyo ntchito imene inkaidziwa. Kugawa kudapatsidwa kwa komiti ya anthu asanu, ndipo mwa asanuwo banki inkasankha awiri okha. Mmodzi ankasankhidwa ndi meya wa mzinda, wina ndi woweruza wa khoti loona za chuma cha masiye m'boma la Cuyahoga, ndipo wachisanu ndi woweruza wa khoti la boma lalikulu la America m'dera limenelo. Motero banki sikadatha kupambana pa voti ili yokha, ndiponso meya sakadatha kusandutsa thumbalo chida chokopera mavoti. Mamembala sankalandira malipiro. Aliyense ankakhala zaka zisanu, ndipo nthawi zawo zinkatha mosinthana kuti komiti isachoke yonse pa kamodzi. Munthu wokhala pa udindo wa ndale kapena woufuna sankaloledwa, ndipo a mpingo umodzi sankayenera kupitirira awiri. Chaka chilichonse mabuku a ndalama ankayenera kuunikidwa ndi kulengezedwa m'nyuzipepala. Mwa mamembala oyamba mudali mayi, a Belle Sherwin, pa nthawi imene amayi a ku Ohio adali asanaloledwe kuvota pa chisankho cha pulezidenti.

Aliyense woganiza bwino adzafunsa ngati mkulu wa banki adachita zonsezi chifukwa cha chifundo chokha. Yankho loona ndi lakuti ayi. Wilo iliyonse yotchula Cleveland Foundation inkabweretsa chuma m'manja mwa Cleveland Trust Company, imene inkalandira malipiro posunga chumacho, ndipo pa zaka zoyambazo panalibe banki ina yololedwa kugwira ntchitoyi. Mabanki ena a mumzindawo sakadalimbikitsa makasitomala awo kutumiza chuma kwa mnzawo wopikisana naye, kotero thumbalo lidakula pang'onopang'ono kufikira khomo lidatsekulidwa kwa mabanki ena chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, a Goff atamwalira kale. Komiti ija nayonso, ngakhale inkatchedwa ya anthu onse, idali ya anthu ophunzira ndi opeza bwino. Wantchito wa m'ng'anjo za chitsulo sadakhalemo. Ndipo nthawiyo anthu adali ndi chifukwa chokayikira mphatso za olemera. Mu Epulo 1914 amayi ndi ana adafa pa Ludlow ku Colorado, pamene asilikali adathira nkhondo msasa wa anthu onyanyala ntchito pa migodi imene banja la Rockefeller lidali ndi gawo lalikulu, ndipo chaka chotsatira a Rockefeller aang'ono ndi a Andrew Carnegie adaitanidwa kukayankha mafunso pamaso pa komiti ya boma imene inkafufuzanso mphamvu za mabungwe awo. Chimene tinganene moyamikira a Goff ndi chakuti, pokhala munthu wodziwa mitima ya eni chuma, adamanga mpanda woletsa banki yawo yomwe kulamulira zonse.

Vuto loyamba la bungwe latsopanoli lidali loseketsa pang'ono: lidali thumba lopanda kanthu. Anthu ambiri adalemba dzina lake m'mawilo, koma wilo sigwira ntchito mwini wake ali moyo, ndipo mawilo ambiri ankati chuma chiyambe chasamala mkazi ndi ana kufikira nawonso atamwalira. Komiti yogawa idalipo, zogawa padalibe. Munthu wina akadangokhala chete kudikira maliro. A Goff adaganiza kuti ngati bungwelo silingathe kupatsa mzinda ndalama, likhoza kuupatsa chidziwitso cha mavuto ake enieni, kuti tsiku limene ndalama zidzafike zidzadziwe kolowera. Iwo eni, banki yawo ndi anzawo adasonkha ndalama zolipirira akatswiri ochita kafukufuku.

Kafukufuku amene aphunzitsi angakonde kumva ndi wa masukulu, wa mu 1915 ndi 1916. Adamutsogolera ndi a Leonard Ayres a ku Russell Sage Foundation, amene adali atatchuka kale pofufuza za ana obwereza makalasi. Gulu lawo lidalowa m'makalasi, lidayesa ana pa kuwerenga, masamu ndi kalembedwe, lidaunika nyumba za sukulu, maphunziro ndi malipiro a aphunzitsi, ngakhalenso ntchito zimene ana ankakapeza akasiya sukulu. Zotsatira zake zidasindikizidwa m'mabuku 25, ndipo zinkafotokozedwa pa misonkhano ya poyera, atolankhani ali pomwepo. Zina mwa zimene adapeza zidali zochititsa manyazi. Ana ambirimbiri ankachokera m'mabanja amene sankalankhula Chingerezi, koma masukulu ankaphunzitsa ngati kuti zimenezi kulibe. M'masukulu a madzulo, amuna akuluakulu otopa ndi ntchito ya tsiku lonse ankapatsidwa ziganizo za m'mabuku a ana aang'ono, zonena za kambalame koimba, m'malo mwa Chingerezi chofunika kuntchito ndi kusitolo. N'zosadabwitsa kuti ambiri ankalembetsa koma osapitiriza.

Akuluakulu ena a maphunziro sadakondwere, poti palibe amene amasangalala alendo akabwera kudzamuyeza ndi kulengeza zofooka zake m'nyuzipepala. Mphunzitsi aliyense akudziwanso kuti zinthu zina zofunika za m'kalasi sizilowa m'manambala. Komabe mzinda udagwedezeka, ndipo mu 1917 masukulu adalandira mkulu watsopano, a Frank Spaulding, amene adaitanidwa kuchokera kunja kwa Cleveland. Kafukufuku wina, wa malo osewerera ndi opumulira, adathandiza kukopa anthu kuti avomere kulipira msonkho wogulira nkhalango ndi zigwa zozungulira mzindawo, zimene mpaka lero ndi mapaki a anthu onse.

Kafukufuku wolimba mtima koposa adali wa makhoti ndi apolisi. Mu 1920 mkulu wa oweruza a khoti la mzindawo, a William McGannon, adaimbidwa mlandu wopha munthu. Mlanduwo adapambana, koma pambuyo pake adapezeka olakwa pa mlandu wonama atalumbira, nalowa m'ndende. Anthu adataya chikhulupiriro mwa oweruza awo. Cleveland Foundation, imene panthawiyo mkulu wa ofesi yake adali a Raymond Moley, idaitana aphunzitsi awiri a zamalamulo a ku Harvard, a Roscoe Pound ndi a Felix Frankfurter, amene adadzakhala woweruza wa khoti lalikulu la America mu 1939. Gulu lawo lidatsata milandu kuyambira pa kumangidwa kwa munthu mpaka pa chigamulo, ndipo lidaonetsa kuchuluka kwa milandu imene inkafera m'njira mwakachetechete, isanafike n'komwe pamaso pa woweruza. Ngakhale nyuzipepala sizidapulumuke. Ofufuzawo adayerekeza theka loyamba ndi theka lachiwiri la Januwale 1919: milandu ikuluikulu idangokwera kuchoka pa 345 kufika pa 363, koma malo amene nyuzipepala zidapereka ku nkhani za umbanda adachuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri, ndipo mzinda wonse udakhulupirira kuti achifwamba aulanda. Buku la kafukufukuyu lidatuluka mu 1922, ndipo madera ena a dzikolo adatengerapo chitsanzo.

Pamene izi zinkachitika, ganizo la thumba la mzinda lidali litawoloka kale malire a Ohio. Mu 1915 mokha mizinda ya St. Louis, Chicago, Boston ndi Los Angeles idakhazikitsa mabungwe otere, kawirikawiri motsogozedwa ndi akuluakulu a mabanki amene adamva a Goff akufotokoza. Winnipeg idakhala yoyamba ku Canada mu 1921, New York idatsatira mu 1924, ndipo patapita zaka zambiri njirayi idafika ku Ulaya ndi ku Africa, monga ku Kenya mu 1997. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1918, pulezidenti Woodrow Wilson adaika a Goff mu komiti yoona kuti makampani asakongole ndalama zimene boma linkazifuna pa nkhondoyo.

A Goff adamwalira pa 14 Malichi 1923, ali ndi zaka 64, asanaone bungwe lawo likugawa ndalama zooneka. Akazi awo, a Frances Southworth Goff, adatumikira mu komiti yogawa kwa zaka zambiri, ndipo ndi iwo amene adaona tsiku limene amuna awo ankaliyembekeza. A Harry Coulby, amene adachoka ku England ali mnyamata wosauka nadzalemera ndi sitima za pa nyanja zikuluzikulu za ku America, adamwalira mu 1929 nasiyira bungweli madola pafupifupi 3 miliyoni kuti athandize chipatala ndi ana odwala ndi osowa. Ndalamazo zidafika m'nthawi ya chilala cha chuma cha zaka za m'ma 1930, pamene mafakitale ankatsekedwa ndipo anthu ankaima pa mizere kudikira chakudya.

Mzinda umene a Goff ankaudziwa udasinthiratu. Chiwerengero cha anthu chidafika pa 914,808 mu 1950, kenaka mafakitale ambiri adatsekedwa, opeza bwino adasamukira m'matauni ozungulira, ndipo mu 2020 mudatsala anthu 372,624. Wolemba wilo mu 1914 sakadalota za nyumba zosiyidwa zopanda anthu, kapena za nyumba zazikulu za zisudzo za pa Playhouse Square zimene zidatsala pang'ono kugwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo bungweli lidathandiza kuzipulumutsa. Chuma cha Cleveland Foundation chakhala chili pafupifupi madola 3 biliyoni m'zaka zaposachedwapa, ndipo limagawa madola oposa 100 miliyoni pa chaka. Mu 2023 lidasamutsa ofesi yake kuchoka pakati pa mzinda kupita m'malire a Hough, dera la anthu akuda limene kudabuka zipolowe mu 1966.

Banki imene idabala bungweli ndiyo idatha. Idasintha dzina mu 1979 kukhala AmeriTrust, idamezedwa ndi banki ina mu 1992, ndipo dzina la Cleveland Trust lidangotsala pa miyala. Nyumba yake yokongola ya denga lozungulira la magalasi, imene idatsekulidwa mu 1908 pa mphambano ya Euclid Avenue ndi East 9th Street, idakhala yotseka kwa zaka zambiri. Mu 2015 idatsekulidwanso ngati sitolo ya zakudya, ndipo pamalo pamene anthu ankaima kudikira kusungitsa ndalama zawo padaikidwa matebulo odyerapo ndi mashelefu a nyama, tchizi ndi buledi.